Makadi a baseball: mafunso ndi mayankho kwa otolera ndi osinthana

Tsamba lino ndi la anthu amene ayamba kutolera makadi a osewera baseball (masewero omenya mpira ndi ndodo), kapena akuganiza zoyamba, makamaka ofuna kumasinthana ndi anzawo. Kwawo kwa chizolowezichi ndi ku America, ndipo ku Japan nako chinazika mizu, choncho mayina ambiri pano ndi a kumeneko ndipo mitengo ili m'madola a ku America. Nkhani za makadi ogulidwa mamiliyoni mumazimvazo ndi zoona, koma ndi kachigawo kakang'ono zedi. Otolera ambiri moyo wawo uli patebulo pomwe anthu awiri atsegulirana mabuku awo, aliyense akusaka chimene mnzake ali nacho chotsala.

Kodi khadi la baseball n'chiyani kwenikweni?

Ndi kakatoni kokhala ndi chithunzi cha wosewera kutsogolo, ndipo kumbuyo kuli mbiri yake: kwawo, msinkhu, timu, ndi ziwerengero za mmene wasewerera chaka ndi chaka. Kuyambira 1957 kukula kwake kunakhazikika pa mainchesi 2.5 m'lifupi ndi 3.5 m'litali, pafupifupi masentimita 6.4 ndi 8.9. Khadi lililonse lili ndi nambala yake m'gulu la chaka chimenecho, lomwe otolera amati seti. Nambalayo ndi imene imasokoneza anthu tulo, chifukwa ukakhala ndi 211 ndi 213, mtima sukhazikika mpaka 212 atapezeka.

Zinayamba bwanji?

Zinayambira mu fodya. M'zaka za m'ma 1880 makampani a ndudu monga Allen & Ginter, ndi Goodwin & Co. eni ndudu za Old Judge, ankaika timakadi m'mapaketi. Kakhadiko kankalimbitsa paketi kuti ndudu zisathyoke, komanso kankakopa wosuta kuti mawa adzagulenso mtundu womwewo pofuna chithunzi china. Seti yotchuka kuposa zonse za nthawi ya fodya ndi T206, yomwe American Tobacco Company inatulutsa kuyambira 1909 mpaka 1911, makadi oposa 500.

Kenako makadi anasamukira ku chingamu, ndipo ogula anasanduka ana. Mu 1933 kampani ya Goudey ya ku Boston inatulutsa seti ya makadi 240, momwe katswiri wotchuka Babe Ruth yekha anali ndi makadi anayi. Khadi nambala 106, la Nap Lajoie, munalibe m'paketi iliyonse. Ana anatafuna chingamu mpaka nsagwada kuwawa akusaka chinthu choti sichinasindikizidwe, ndipo amene analembera kalata kampaniyo kudandaula ndi omwe anatumiziridwa khadilo mu 1934.

Nkhondo yachiwiri itatha kunabwera Bowman mu 1948, kenako Topps ya ku Brooklyn, yomwe seti yake ya 1952 ya makadi 407, yokonzedwa ndi Sy Berger ndi Woody Gelman, ndiyo inapereka maonekedwe amene tikuwadziwa lero. Topps inagula Bowman mu 1956 n'kutsala pafupifupi yokha pamsika mpaka 1981, pamene Fleer ndi Donruss analowa khothi litagamula. Upper Deck inadza mu 1989 ndi pepala losalala komanso kachizindikiro konyezimira koletsa achinyengo. Mu January 2022 kampani ya Fanatics inagula Topps, ndipo lero makadi okhala ndi zizindikiro za matimu a MLB, ligi yayikulu ya baseball ku America, amatuluka m'dzina la Topps ndi Bowman. Panini imapanganso makadi a baseball, koma mukayang'ana chipewa cha wosewera mupeza chizindikiro cha timu anachifufuta.

Munthu mmodzi sayenera kuiwalika pano. Jefferson Burdick wa ku Syracuse ndiye anasanja makadi akale m'magulu n'kuwapatsa zilembo ndi manambala, kuphatikizapo T206 yomweyo. Anali wodwala nyamakazi yopinda zala, komabe anapereka makadi ndi timapepala tina pafupifupi 300,000 ku Metropolitan Museum of Art ku New York, n'kukhala pansi yekha kuzimata m'mabuku. Anamwalira mu 1963, patangopita miyezi yochepa atamaliza ntchitoyo. Iyeyu ankadana ndi kukwera mitengo kwa makadi, ankafuna kuti aliyense azikwanitsa.

Nanga n'chifukwa chiyani ena amafika mamiliyoni?

Chifukwa anatsala ochepa. Ana akale makadi ankaseweretsa: kuwaponya kukhoma popikisana, kuwamanga ndi mphira mpaka m'mbali kudyeka, kuwapanikiza ku masipoko a njinga kuti izilira ngati njinga yamoto. Mwana akakula n'kuchoka pakhomo, mayi ake posesa ankataya bokosi lonse. Khadi la zaka 70 lopanda khwinya ndi chinthu chopulumuka zambiri.

Awiri ndiwo amatchulidwa nthawi zonse. Loyamba ndi la Honus Wagner wa Pittsburgh Pirates, la mu T206. Wagner analetsa kampani kupitiriza kulisindikiza. Ena amati sankafuna kuti ana azigula ndudu chifukwa cha nkhope yake, ena amati nkhani inali malipiro. Odziwika kuti alipo lero ndi pafupifupi 60 basi, ndipo limodzi linagulidwa madola 7.25 miliyoni mu August 2022.

Lachiwiri ndi la Mickey Mantle wa New York Yankees, nambala 311 mu Topps ya 1952. Linali m'chigawo chomaliza cha seti, chomwe chinatuluka nyengo ya baseball ikupita kumapeto ana atatembenukira ku masewero ena, ndiye sichinayende malonda. Berger mwini ankasimba kuti makatoni otsalawo atasowa kowaika, anawakweza m'bwato n'kukawamiza m'nyanja ya Atlantic. Mwezi womwewo wa August 2022, limodzi losungika bwino kwambiri linagulidwa madola 12.6 miliyoni pa malonda opikisana a kampani ya Heritage Auctions.

Ndapatsidwa bokosi lodzaza makadi a 1988 mpaka 1992. Kodi ndalemera?

Pepani, ayi. Funsoli ndi limene limabwera kawirikawiri kuposa onse, ndipo yankho lake limawawa. M'zaka zimenezo anthu anali atamva kale kuti makadi akale ndi ndalama, choncho aliyense anagula n'kusunga mosamala, makampani nawo anasindikiza mosaleka. Otolera nthawiyi amaitcha junk wax, kuyambira cha mu 1987 mpaka sitalaka ya osewera ya 1994. Chinthu chimene aliyense anasunga sichingasowe, ndipo makadi ambiri a nthawiyi safika ngakhale masenti ochepa.

Alipo ochepa oyenera kuwafufuza m'bokosimo: Ken Griffey Jr. nambala 1 wa Upper Deck ya 1989, Frank Thomas wa Topps ya 1990 amene dzina lake silinatuluke kutsogolo, ndi Billy Ripken wa Fleer ya 1989 yemwe kunsi kwa ndodo yake kunalembedwa mawu otukwana. Mukapitirira pang'ono, Derek Jeter wa SP ya 1993. Ngakhale amenewa mtengo wake umadalira kwambiri mmene asungikira.

Koma bokosilo musataye. Pophunzira kusanja, kumaliza seti ndi kusinthana popanda mantha otaya ndalama, palibe makadi abwino kuposa amenewa.

Nditolere chiyani? Zilipo zambiri.

Sankhani kagawo kanu msanga, apo ayi mudzakhala ndi mulu wopanda mutu. Ena amatsata wosewera mmodzi, ena timu imodzi, ena seti ya chaka chomwe anabadwa. Ena amatolera makadi olakwika posindikiza. Makadi amene munthu sagulitsa kapena kusinthanitsa amawatcha PC (personal collection, kutanthauza akeake), ndipo mnzanu akati "ili ndi la PC", musaumirire.

Ine mtima wanga uli pa makadi onena mbiri. Jackie Robinson, amene mu 1947 anakhala munthu wakuda woyamba kusewera mu ligi yayikulu ya masiku ano atavala jezi ya Brooklyn Dodgers, ali m'seti ya Leaf ya 1948 limodzi ndi Satchel Paige. Akatswiri ambiri akuda amene anasewera tsankho lisanathe analibe makadi ku America konse, moti makadi awo ochepa anachokera ku Cuba ndi ku Puerto Rico, komwe ankakasewera nyengo yozizira. Khadi lotchuka la Josh Gibson linatuluka ku Puerto Rico iye atamwalira kale. Amenewo ndi odula kwambiri, koma makampani amatulutsa makadi atsopano owakumbukira pamtengo woti aliyense angakwanitse.

Kwa ife a kuno kummwera kwa Africa palinso Gift Ngoepe wa ku South Africa, munthu woyamba wobadwira mu Africa kusewera mu MLB. Analowa m'bwalo pa 26 April 2017 atavala jezi ya Pirates, ndipo ulendo wake woyamba womenya mpira anaumenya bwino n'kufika pa base yoyamba, malo oyamba omwe womenya amathamangirako. Makadi ake sadula, ndipo ndi poyambira pabwino.

Rookie card n'chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani aliyense amalifuna?

Ndi khadi loyamba la wosewera atalowa mu ligi yayikulu. Kuyambira 2006 limakhala ndi kachizindikiro ka RC. Pa makadi akale palibe chizindikiro, muyenera kudziwa nokha: Hank Aaron ndi Topps ya 1954, Roberto Clemente ndi Topps ya 1955, Nolan Ryan ndi Topps ya 1968 pomwe anagawana khadi limodzi ndi Jerry Koosman. La Mantle la 1952 lija si rookie card yake. Yeniyeni ndi Bowman ya 1951.

Bowman ya masiku ano imasindikiza anyamata asanafike n'komwe mu ligi yayikulu, ndipo khadi lawo loyamba limalembedwa "1st Bowman". Anthu amagula poyembekeza kuti mnyamatayo adzatchuka. Zimachitika: khadi la Mike Trout la 2009, lokhalo la mtundu wake, linagulidwa madola 3.9 miliyoni mu 2020. Koma pa Trout mmodzi pali anyamata mazana amene anavulala chigongono kapena kulephera, makadi awo n'kusanduka mapepala wamba.

Nanga awa onyezimira, a manambala, osainidwa ndi okhala ndi kansalu?

Khadi limodzimodzi amalisindikiza m'mitundu ingapo: la wamba, labuluu, lagolide, lofiira. Amenewa amati ma parallel. Onyezimira ngati utawaleza mukawapendeketsa ndi ma refractor, omwe anayamba mu Topps Finest ya 1993. Mukaona 17/50, ndiye kuti alipo 50 okha ndipo lanulo ndi la 17. La 1/1 lilibe linzake.

Pa osainidwa, yang'anani ngati wosewera anasaina pakhadi penipeni kapena pa kapepala koonekera komata. Otolera amakonda loyambalo, chifukwa khadilo analigwira m'manja mwake. Pa okhala ndi kachidutswa ka jezi, tembenuzani muwerenge kumbuyo. Ena amanena kuti nsaluyo inavalidwa pamasewero, ena amanena poyera kuti siyochokera ku masewero ena alionse odziwika. Kusiyana kwa mtengo n'kwakukulu, ndipo posinthana ambiri amagwa pomwepa. Chitsanzo cha nsalu yotsimikizika ndi kachigamba komwe Paul Skenes anavala tsiku lake loyamba mu MLB. Khadi lake analipeza m'paketi ndi mwana wa zaka 11 wa ku Los Angeles, ndipo linagulidwa madola 1.11 miliyoni mu March 2025.

Nthawi zina m'paketi mumatuluka kapepala kolonjeza kuti kampani idzakutumizirani khadi losainidwa. Kali ndi tsiku lothera ntchito. Musanalandire koteroko posinthana, onani tsikulo, ndipo onetsetsani kuti nambala yake yobisika sinapalidwe.

Ndigule mapaketi kapena khadi limene ndikulifuna?

Ngati mukudziwa khadi lomwe mukufuna, gulani lomwelo. Pafupifupi nthawi zonse zotuluka m'bokosi sizifika pa ndalama zomwe mwalipira. Kutsegula paketi kumakoma, sindikana, ndipo bokosi limodzi pachaka lotsegula ndi ana kapena anzanu ndi chisangalalo chabwino. Ingodziwani kuti mukulipira chisangalalocho.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ma break: munthu amatsegula mabokosi pa vidiyo, inu mwalipira kale kuti makadi onse a timu yakuti akhale anu. Timu yanu ikapanda kutuluka, ndalama zapita. Imeneyi ndi njuga ndithu, yovala malaya ena, ndipo imakoka achinyamata usiku ndi usiku. Ngati mulowamo, ikani malire a ndalama musanayatse foni.

Mtengo wa khadi ndingaudziwe bwanji?

Kale anthu ankatsegula magazini ya Beckett, yomwe inayamba kutuluka mwezi ndi mwezi mu 1984. Lero ambiri amaona pa msika wa pa intaneti wa eBay, koma osati mitengo imene ogulitsa akupempha. Munthu angapemphe chilichonse. Sefani kuti muone zimene zagulidwa kale, ndipo tengani malonda atatu kapena asanu a posachedwa a khadi lomwelo, mtundu womwewo, losungika mofanana. Otolera amati ma comp. Limodzi likakhala pamwamba kwambiri kuposa anzake, lisiyeni, mwina ogulitsa anakokerana mtengo ndi anzawo.

Kugireda khadi ndiye kutani? Kodi n'kofunika?

Pali makampani amene amapima khadi, kutsimikiza kuti ndi lenileni, kulipatsa giredi kuyambira 1 mpaka 10, n'kulitsekera m'kabokosi ka pulasitiki kosatseguka. Akuluakulu ndi PSA, yomwe inayamba mu 1991, SGC, ndi Beckett. Amene anaperekezapo mabelo a fodya kumsika akudziwa mmene giredi imasinthira mtengo wa tsamba lochokera m'munda umodzi. N'chimodzimodzi kuno: khadi la giredi 10 lingagulidwe kangapo kuposa mnzake wa giredi 9, pomwe ndi maso wamba simungawasiyanitse.

Amaona zinthu zinayi: ngati chithunzi chili pakatikati, makona, m'mphepete, ndi pamwamba pake. Mungadziyesere nokha. Sambani m'manja, yalani nsalu yoyera, zimitsani magetsi ena n'kusiya nyali imodzi. Gwirani khadi m'mbali ndi zala ziwiri, mulipendeketse pang'onopang'ono kuti kuwala kuyende pamwamba pake. Timizere tosaoneka mukaliyang'ana chamaso timatulukira apa, pamodzi ndi khwinya lopyapyala ngati tsitsi. Kenako onani makona onse anayi, kutsogolo ndi kumbuyo, ngati payamba kuyera. Pomaliza yerekezani mpata wa kumanzere ndi wa kumanja kwa chithunzi. Kuti khadi lipeze 10 ku PSA, kutsogolo sikuyenera kupendekera kupitirira pafupifupi 55 kwa 45.

Kugireda kumalipiritsa pa khadi lililonse, kuwonjezera positi ndi kudikira. N'kwanzeru pa khadi lodula, lakale, kapena lokopedwa kawirikawiri ndi achinyengo. Pa khadi la madola 5 n'kutaya ndalama. Komanso ogireda ndi anthu. Khadi lomwelo litatumizidwa kawiri lingabwere ndi manambala awiri osiyana, n'chifukwa chake akale m'gululi amati gulani khadi, osati kabokosi.

Kusinthana kumayenda bwanji?

Apa ndiye pamtima pa nkhani yonse. Ku America masitolo a makadi amakonza madzulo osinthana, ndipo pa misonkhano ya otolera mumapeza anthu atakhala pansi m'makonde a hotela mpaka usiku, mabuku ali yalu. Msonkhano waukulu ndi National Sports Collectors Convention, womwe unayamba mu 1980 ku Los Angeles ndipo kawirikawiri umachitikira ku Rosemont, pafupi ndi Chicago. Koma anthu atatu patebulo la kunyumba ndi msonkhano kale.

Pitani ndi zinthu ziwiri: buku la makadi omwe mwalolera kusiyana nawo, ndi mndandanda wa omwe mukusowa, wolembedwa ndi manambala. A PC asiyeni kunyumba kuti musakopeke. Mnzanu akakupatsani buku lake, litsegulireni patebulo, kutali ndi kapu ya tiyi, ndipo musasolole khadi m'thumba lake musanapemphe. Mukapeza lokusangalatsani, nenani poyera. Kudziyesa ngati simukulifuna kuti mtengo utsike ndi machenjera amene anthu amawazindikira msanga.

Kenako mugwirizane muyeso umodzi. Ngati mukuona ma comp, onani a mbali zonse ziwiri, pa foni imodzi, nonse mukupenya. Chosaloleka n'kuyeza makadi anu ndi mtengo wapamwamba, a mnzanu ndi wapansi. Pakatsala kampata, wina awonjezere kakhadi kapena ndalama pang'ono. Dziwaninso kuti khadi limodzi la madola 100 silifanana ndi makadi 20 a madola 5. Mwini wa lalikululo ali ndi ufulu wopempha choonjezera, chifukwa ang'onoang'onowo ndi ovuta kuwagulitsa.

Chilema cha khadi lanu chinene ndinu, mnzanu asanachione. "Ili lili ndi khwinya kumbuyo, taonani apa." Mwina mutayapo madola awiri, koma munthuyo adzabweranso, ndipo tsiku lina adzakuimbirani kuti wapeza nambala yomwe mwakhala mukusaka. Gulu la otolera ndi laling'ono, mbiri ya munthu imayenda msanga kuposa positi. Ndipo mukagwirana chanza, zatha. Wosewerayo akamenya ma home run atatu (kumenya mpira mpaka kunja kwa bwalo) mawa lake mtengo n'kukwera, simubwerera kukapempha khadi lanu.

Si kusinthana konse kumene kumafuna ma comp. Pakati pa omanga maseti, mwambo wakale ukadalipo: ndikutumizira makadi 30 a timu yako omwe ine ndilibe nawo ntchito, iwe udzanditumizira a timu yanga ukadzawapeza. Palibe amawerengera. Kupatsa n'kuika, ndipo kusinthana kokoma kwambiri komwe ndikukudziwa ndi kotereku.

Mwana akufuna kusinthana nane, koma sakudziwa mtengo wa khadi lake. Nditani?

Muuzeni. Ngati khadi lake ndi lodula kuposa lanu, nenani pamaso pa kholo lake, ndipo ngati mukulifunabe perekani zokwanira. Wamkulu wodyera mwana masuku pamutu chifukwa cha kakatoni alibe malo patebulo lathu. Mwana achoke kwa inu atapindula, ndi makadi awiri atatu a timu yake apamwamba.

Nanga kusinthana ndi munthu wakutali, yemwe sindinamuonepo?

M'magulu a pa Facebook, Reddit ndi masamba a otolera, lamulo lodziwika n'lakuti amene alibe mbiri ndiye amayamba kutumiza. Mukakhala watsopano musakhumudwe nazo. Yambani ndi makadi otsika mtengo mpaka anthu akhale ndi chokuchitirani umboni. Pemphani chithunzi cha khadi, kutsogolo ndi kumbuyo, lili pambali pa kapepala kolembedwa ndi dzanja dzina la mwini ndi tsiku la lero. Wokana zimenezi mwina khadilo alibe. Ngati pakudutsa ndalama pa PayPal, gwiritsani njira yolipirira katundu, yomwe ili ndi chitetezo. Njira yotumizira abale ndi anzanu ilibe pobwezera.

Kumanga katundu kuli ndi dongosolo lake. Khadi lilowe kaye m'kathumba kofewa kotchedwa penny sleeve, kenako m'chikwama cholimba chotchedwa toploader. Pakamwa pa toploader matani katepi ka opaka penti, kabuluu kaja kosasiya zomata, ndipo pindani kansonga kake kuti wolandira asavutike kumatula. Selotepi wamba ayi, amanamatira ndipo anthu amawononga khadi polimbana naye ndi mpeni. Ikani pakati pa makatoni awiri okulirapo pang'ono, kenako mu envelopu ya thovu. Makadi okhala ndi nsalu ndi okhuthala, amafuna toploader ya kukula kwake, musawakanikize. La wamba lingapite mu envelopu yoyera ndi sitampa, mukagwirizana kuti likasowa palibe mlandu. Lodula lipite ndi nambala yolondolera, ndipo nambalayo mutumizireni mnzanu tsiku lomwelo.

Likafika lowonongeka, jambulani envelopu ndi khadi musanataye kanthu, mulembereni mwini mwaulemu, mumupatse masiku angapo. Ambiri amakonza. Kukamuyalutsa pagulu kukhale komaliza, ndipo mukhale ndi umboni.

Chinyengo chimakhala chotani?

Choyamba ndi makadi okopera. Akale ankasindikizidwa mwakuti zilembo ndi mizere yakuda zimaoneka zolimba mukaziona ndi galasi lokulitsa, pomwe okopera pa makina a lero zonse zimasanduka timadontho. Ena amawaviika mu tiyi kuti aoneke akale. Mantle wa 1952 wa madola 200 wokhala ndi nkhani yoti "ndinamupeza m'katundu wa agogo, sindidziwa za makadi" ndi wabodza, musatayepo nthawi.

Chachiwiri ndi kudula m'mphepete kuti makona aoneke akuthwa, kupaka utoto poyera, kapena kusita khwinya. Yezani khadi lokayikitsa poligundanitsa ndi linzake la seti yomweyo. Izi zinafika ngakhale pamwamba penipeni: khadi la Wagner limene katswiri wa hockey Wayne Gretzky ndi mwini timu yake Bruce McNall anagula madola 451,000 mu 1991, khadi loyamba kupimidwa ndi PSA n'kupatsidwa giredi 8, wogulitsa makadi Bill Mastro anavomera kukhothi mu 2013 kuti analidula m'mbali. Anakalowa kundende pa milandu yachinyengo, kuphatikizapo kukokera mitengo pa malonda opikisana.

Palinso mapaketi otsegulidwa n'kumatidwanso, ndi timabokosi ta giredi tabodza. Kabokosi kalikonse kali ndi nambala yomwe mungaifufuze pa tsamba la kampani yogireda. Fufuzani, ndipo yerekezani chithunzi ngati chilipo.

Ndisunge bwanji?

Adani ndi chinyezi, dzuwa, kutentha ndi tizilombo. A wamba akhale m'mabokosi a katoni, ataimirira, kapena m'mabuku a masamba a matumba 9 opanda PVC, chifukwa pulasitiki ya PVC imatulutsa mafuta owononga utoto. Mphira ndi mapini ayi. Bokosi lisagone pasimenti kapena kutsamira khoma lakunja. Kumadera a dzinja lachinyezi, ikani zonse m'chidebe chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo muzisuzumiramo, chiswe ndi mphemvu sizisankha kuti uyu ndi Babe Ruth. Makadi onyezimira amapindika nyengo ikasintha, toploader imathandiza. Siginecha ikakhala padzuwa imafufuma, choncho la pakhoma likhale lomwe simungalilire.

Kodi makadi ndi njira yabwino yosungira ndalama?

Sindingalangize munthu kutero. Mu 2020 ndi 2021, anthu atatsekeredwa m'nyumba ndi mliri wa COVID-19, mitengo inakwera modabwitsa, mpaka masitolo a Target anaimitsa kugulitsa makadi m'mashelefu mu May 2021 anthu atamenyana kunja kwa sitolo ina ku Wisconsin. Pambuyo pake makadi ambiri atsopano anagwa mtengo kwambiri, ogula pamwamba n'kutsala manja ali m'khosi. Akale a akatswiri otsimikizika amagwa pang'ono, koma pogulitsa mumadulidwa gawo ndi msika, positi ndi kusintha ndalama. Gwiritsani ndalama yomwe ikapita banja siligona ndi njala.

Ndili ku Britain, South Africa kapena ku Malawi. Ndingayambe bwanji?

Vuto lalikulu ndi mtengo wotumizira, womwe umaposa khadi lenilenilo, kuwonjezapo msonkho wa katundu wolowa. Musamagule limodzilimodzi. Msika wa pa intaneti wa COMC umakusungirani makadi omwe mwagula kwa anthu osiyanasiyana mpaka mutanena kuti atumize onse m'phukusi limodzi. Mnzanu wodalirika wa ku America angachitenso chimodzimodzi, n'kupatsira wobwera kumudzi. Ku Britain kuli otolera ndithu, makamaka chiyambire masewero a MLB ku London mu 2019 pomwe Yankees anakumana ndi Boston Red Sox, ndipo kusinthana ndi a m'dziko lomwelo kumapulumutsa ndalama zambiri. Posinthana ndi wakunja, gwirizanani kale za amene alipire msonkho, ndipo muuzeni zoona za masabata amene positi ya kwanu imatenga.

Makadi a ku Japan amawerengedwa?

Kwambiri. Kampani ya Calbee yakhala ikupereka makadi a osewera pamodzi ndi mapaketi a tizakudya ngati tchipisi kuyambira 1973, ndipo kampani ya BBM inayamba maseti ake mu 1991. Otsatira Ichiro Suzuki kapena Shohei Ohtani amasaka makadi awo a kwawo asanapite ku America, monga a Ohtani a 2013 ali ku Nippon-Ham Fighters. Popeza ku America sapezeka wambawamba, ndi katundu wabwino kukhala naye m'buku losinthanitsa.

Kodi ndingatumize khadi kwa wosewera kuti andisainire?

Inde, ndipo ndi mwambo wakale. Ambiri oyankha ndi opuma kale ndi a m'matimu ang'onoang'ono. Otchuka a lero sayankha kawirikawiri, ena amalipiritsa ndalama yopita ku ntchito zachifundo. Lembani kalata yaifupi ndi dzanja, yaulemu, yotchula chinthu chenicheni chimene mumakumbukira pa masewero ake. Ikanimo khadi limodzi kapena awiri, osati mulu, ndi envelopu yobwerera yolembedwa kale adiresi yanu, yomatidwa masitampa a dziko limene iye ali. Tumizani ku adiresi ya timu kapena imene mwini analoleza. Khadi likhale loti likapanda kubwerera simudandaula, chifukwa ena amayankha patapita chaka, ena osayankha konse. Ngati ndi losalala kwambiri, lipukuteni pang'ono ndi chofufutira choyera kapena paudala wa ana musanatumize, kuti inki igwire osamwazika.